Bobi Wine: kodi anachita bwino kusiya siteji n'kukaima pa chisankho?

Anaphiri: Akuluakulu, kwa inu amene mumatsata nkhani za ku Uganda ndili ndi funso. Kodi Bobi Wine anachita bwino kusiya nyimbo n'kulowa ndale? Ndafunsa chifukwa anthu ambiri akamamukamba amayambira mu 2017, chaka chimene anakhala phungu, ngati kuti munthuyu anangodzuka m'mawa wina n'kulakalaka mpando. Ine sindikuona choncho. Bobi, amene dzina lake lenileni ndi Robert Kyagulanyi Ssentamu, anabadwa mu 1982 ndipo anakulira ku Kamwokya, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala. Anaphunzira nyimbo, magule ndi zisudzo ku yunivesite ya Makerere, ndipo atatchuka situdiyo yake ya Fire Base anaisiya komweko ku Kamwokya. Dzina loti Ghetto President analitenga kalekale, nkhani ya baloti kulibe. Kwa ine ndale anali nazo kale m'nyimbo. Chimene chinasintha mu 2017 ndi malo olankhulira basi. Inu mukuti bwanji?

Abambo a Tadala: Achemwali, tisamuyeretse kwambiri mnyamatayu. Ife amene tinkamumva kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira nyimbo za chikondi, za kumadansi, magalimoto odula, ndi kukokana kosatha ndi woyimba mnzake Bebe Cool. Umenewo sunali ufulu wa anthu ayi, inali bizinesi. Sindikunena kuti munthu sasintha. Koma kudzaza bwalo ndi anthu ovina ndi kwina, kuyendetsa dziko ndi kwina.

Ras Chifundo: Bambo, zimenezo iye sakana. Amafotokoza yekha kuti nthawi ina ali pachimake, ali ndi galimoto yodula, munthu wina wa zachitetezo anamumenya mbama pamalo azisangalalo chifukwa choti akudzionetsera, anthu n'kumangoonerera. Amati m'pamene anazindikira kuti ngati zikumuchitikira iye wotchuka, nanga mnyamata wa bodaboda (kabaza wa njinga yamoto) amene palibe akumudziwa zimamuthera bwanji.

Anaphiri: Eya achimwene, ndipo umboni wake ulipo m'ntchito zake. Taonani 2012. Boma linali litangokhazikitsa bungwe la KCCA loyendetsa mzinda wa Kampala, mkulu wake ali Jennifer Musisi. Ntchito yokonza mzinda inabwera ndi kuthamangitsa mavenda m'misewu, kulanda katundu wawo ndi kugwetsa timashopu. Anthu ochita bwino ankaombera m'manja kuti mzinda wayera. Bobi anatulutsa Tugambire ku Jennifer, nyimbo yodandaulira mayiyu momutchula dzina, kuti anthu akuwathamangitsawo akadya chiyani. Panthawiyo sanali phungu, sanali m'chipani, analibe chopindula kupatula kudana ndi akuluakulu. Kenako mu 2015, oyimba ambiri otchuka a ku Uganda, kuphatikizapo Bebe Cool ndi Jose Chameleone, anajambula nyimbo yochemerera pulezidenti Museveni pa kampeni. Bobi sanalowemo. Woyimba wongofuna ndalama mwayi ngati umenewo sautaya.

Nankhoma: Pepani ndifunseko, ine ndine watsopano pa nkhanizi. Upungu anaupeza bwanji? Anaimira chipani chanji?

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, sanaimire chipani chilichonse. Khothi linafafaniza zotsatira za ku Kyadondo East, dera la m'boma la Wakiso kufupi ndi Kampala, ndiye kunachitika chisankho chachibwereza mu June 2017. Bobi anaima payekha. Chipani cholamula cha NRM chinaimika Sitenda Sebalu, ndipo chipani chachikulu chotsutsa panthawiyo, FDC, chinaimika Apollo Kantinti. Anawagonjetsa onse awiri ndi mavoti oposa atatu mwa anayi alionse. Anadula madiredi, anavala suti, n'kumayenda khomo ndi khomo.

Mfundo imene anthu amaiphonya ndi yoti sanagonjetse boma lokha. Anagonjetsanso otsutsa akale. Kizza Besigye anali atapikisana ndi Museveni kanayi, mu 2001, 2006, 2011 ndi 2016, ndipo anthu ankamulemekeza, komabe achinyamata ambiri anali atatopa ndi nkhope zomwezomwezo. Musaiwale kuti Museveni analowa m'boma mu January 1986, ndipo anthu ambiri a ku Uganda lero anabadwa iye ali kale pampando. Kwa iwo nkhani yoti anamenya nkhondo ya m'tchire n'kubweretsa mtendere ndi mbiri ya makolo awo. Iwo akufuna ntchito.

Nankhoma: Zikomo aphunzitsi. Ndiye ku nyumba ya malamuloko anachitako chiyani chooneka?

Abambo a Tadala: Funso labwino limenelo. Ine ndidikira yankho.

Aphunzitsi Opuma: Anafika nthawi yotentha. Malamulo oyendetsera dziko la Uganda ankati munthu wopitirira zaka 75 sangaimire upulezidenti. Museveni anabadwa mu 1944, kutanthauza kuti mu 2021 akanakhala atadutsa malire. Malire a materemu anali atawachotsa kale mu 2005, ndiye chotchinga chinatsala chinali cha zaka chokhachi. Phungu wa NRM, Raphael Magyezi, anabweretsa bilu yochichotsa. Mu September 2017 m'nyumba ya malamulo munabuka ndewu yeniyeni, mipando kuuluka, achitetezo ovala wamba kulowa n'kumakoka aphungu otsutsa kuwatulutsa. Bobi anali m'gulu la otulutsidwawo, atamanga nsalu zofiira kumutu. Biluyo inadutsabe mu December chaka chomwecho. Mu July 2018 anatsogoleranso zionetsero zokana msonkho wa mashilingi 200 patsiku umene boma linaika pa WhatsApp, Facebook ndi masamba ena a mchezo.

Koma chimene chinaopsa boma kwenikweni, mmene ndikuonera ine, sichinali m'nyumba ya malamulo. Chinali zisankho zachibwereza. M'madera angapo kumene anapita kukathandiza kampeni, munthu wakeyo anapambana. Ku Bugiri anathandiza Asuman Basalirwa wa kachipani kakang'ono ka JEEMA, anapambana. Kenako kunabwera Arua.

Ras Chifundo: Arua ndiye pamene zonse zinatembenukira. Phungu wa kumeneko, Ibrahim Abiriga, anaphedwa ndi mfuti mu June 2018, ndiye pankafunika wolowa m'malo. Tsiku lomaliza kampeni, pa 13 August, Museveni anali m'tauniyo, Bobi nayenso ali momwemo kuthandiza Kassiano Wadri. Boma linati anthu anagenda galimoto ya pamdipiti wa pulezidenti. Madzulo omwewo dalaivala wa Bobi, Yasin Kawuma, anawomberedwa n'kufera m'galimoto ya bwana wakeyo. Bobi analemba kuti chipolopolocho chimafuna iyeyo. Atamugwira anamutengera ku khothi la asilikali ku Gulu pa mlandu wa mfuti. Mlanduwo anauchotsa, pompo n'kumumanganso pa mlandu woukira boma limodzi ndi anthu ena oposa 30. Anaonekera kukhothi akuyendera ndodo, akulephera kuima bwino, ndipo atapatsidwa belo anapita ku America kukalandira chithandizo. Iye amati asilikali anamuzunza, boma limakana. Phungu mnzake Francis Zaake nayenso anatuluka m'manja mwawo ali wovulala kwambiri. Wadri uja anapambana ali m'chitokosi.

Mayi a Thoko: Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pamenepa mtima wandiwawa. Tonse tikuti Bobi, Bobi, koma amene anafa ndi dalaivala. Anali ndi banja lake munthu ameneyo. Sanaimire upungu, sanajambule nyimbo, ankangogwira ntchito yake. Ndipo si yekha. Mu December 2020 womuteteza wake Francis Senteza anafa, a chipani chake akuti anagundidwa dala ndi galimoto ya asilikali, asilikali akukana. Mnzake woyimba naye, Nubian Li, anagwidwa ku Kalangala masiku ochepa chisankho chisanachitike n'kukhala m'ndende pafupifupi theka la chaka. Achemwali Anaphiri, funso lanu loti anachita bwino, tiziliyankha tikuganiziranso amasiye amenewa.

Anaphiri: Mayi, mwanena zoona ndipo sindingazipeputse. Chimene ndingapemphe n'choti mlanduwo tiuike pamutu pa mwini wake. Amene anakoka mfuti si woyimbayo. Tikanena kuti munthu asaime pa chisankho chifukwa boma lipha anthu omuzungulira, ndiye kuti tavomereza kuti mfuti ndi imene izisankha oima pa baloti.

Mayi a Thoko: Sindikumuimba mlandu iye ayi. Ndikungoti mtengo wake amalipira ndi ana a anthu osauka omwe aja amawaimbira. November 2020 mukuikumbukira? Anamumanga ku Luuka pa 18, akuti waphwanya malamulo a Covid posonkhanitsa anthu ambiri. Ku Kampala ndi matauni ena anthu anakwiya, achitetezo anayamba kuwombera. M'masiku awiri munafa anthu osachepera 54, ena a iwo ongodutsa, ena ali pa malonda awo. Iye anatuluka pa belo patangopita masiku awiri. Anthu 54 aja sanabwerere.

Achisale: Ndilowepo pa mbali imene sinakambidwe bwino, ya nyimbo zenizenizo. Anaphiri mwati "kusiya nyimbo". Kodi anasiya, kapena anamusiyitsa? Kuchokera kumapeto kwa 2017 apolisi akhala akuletsa mashoo ake m'dziko lake lomwe. Iye amati oletsedwawo ndi oposa 100. Ngakhale pamalo ake enieni, One Love Beach ku Busabala m'mbali mwa nyanja ya Victoria, shoo ya pa Isitala mu 2019 anaitchinga, iye n'kumumanga. Taganizani anthu amene amadyera pa shoo imodzi: oimba zida, a zokuzira mawu, a magetsi, ogulitsa matikiti, ogulitsa zakudya pageti. Onsewo ntchito inaima.

Kwa ine zimenezi zikuonetsa chimene boma linkaopa. Phungu mmodzi m'nyumba ya aphungu mazanamazana alibe mphamvu, amuposa mavoti n'kupita kwawo. Koma munthu amene angaitane anthu masauzande ndi kuwaimbitsa mawu amodzi, msonkhano wa ndale ali nawo kale popanda kupempha chilolezo. Nyimbo imalowanso m'minibasi, m'saluni, m'foni ya mwana wasukulu, kumene wandale sangafike. N'chifukwa chake mu September 2019 anafika polengeza kuti chipewa chofiira chija, chimene otsatira gulu lake la People Power ankavala, ndi chovala cha asilikali ndipo munthu wamba wopezeka nacho aimbidwa mlandu. Boma lokhala ndi akasinja kulimbana ndi chipewa!

Ras Chifundo: Ndipo luso silinathe. Corona itangoyamba mu March 2020, iye ndi Nubian Li anatulutsa nyimbo yophunzitsa anthu kusamba m'manja ndi kudziwa zizindikiro za matendawa. Inafalikira mayiko ambiri mu Africa. Miyezi ingapo pambuyo pake malamulo a Corona omwewo ndi amene anamumangira.

Abambo a Tadala: Zonsezi ndamva, ndipo kulimba mtima kwake sindikutsutsa. Munthu amene ankachita kampeni atavala chipewa cha chitsulo ndi chovala choteteza ku zipolopolo si wamantha. Koma kuzunzidwa si chiphaso choti munthu angalamulire bwino. Ku Haiti anasankha woyimba Michel Martelly mu 2011, anthu akuvina m'misewu. Pomachoka mu 2016 anasiya dziko lopanda pulezidenti wosankhidwa chifukwa zisankho zinasokonekera. Ndiye ine ndimafunsa: Bobi akalowa lero, ngongole za boma azitani? Mafuta a ku Hoima ndi paipi yopita ku Tanga ku Tanzania aziyendetsa motani? Asilikali amene akhala m'manja mwa banja limodzi zaka zonsezi, mkulu wawo pano ali mwana wa Museveni yemwe, Muhoozi Kainerugaba, angamumvere? Mayankho a zimenezi sindinawamve momveka bwino kuchokera kwa iye.

Aphunzitsi Opuma: Bambo a Tadala, chitsanzo cha Martelly n'choona, koma oyimba amene analowa ndale si a mtundu umodzi. Youssou N'Dour anafuna kuima ku Senegal mu 2012, khothi loona za malamulo a dziko linamukana ponena kuti masiginecha ake ovomerezeka sanakwane. Anathandiza Macky Sall, kenako n'kukhala nduna ya zachikhalidwe ndi zokopa alendo. Rubén Blades wa ku Panama anali loya kale, anaima mu 1994 n'kukhala wachitatu, patapita zaka khumi anakhala nduna ya zokopa alendo. Amenewa dziko lawo linawalola kugonja mwamtendere n'kutumikira mwanjira ina. Bobi amafanana kwambiri ndi Fela Kuti, amene asilikali anamuwotchera nyumba mu 1977 n'kuponya mayi ake pawindo, ndipo atafuna kuima mu 1979 anamutsekera khomo. Kusiyana kwake n'koti Fela sanafike pa baloti, pamene Bobi anafika ndipo anamanga chipani.

Pa za maphunziro, anabwereranso kusukulu ndipo mu 2024 analandira digiri ya zamalamulo ku Cavendish University. Sizikutanthauza kuti wadziwa zonse, koma zikuonetsa kuti akudziwa kuti gitala payokha siyokwanira.

Nankhoma: Chipanicho ndi NUP ija ya ambulera?

Aphunzitsi Opuma: Eya, National Unity Platform. People Power inali gulu chabe, losalembetsa. Pozindikira kuti kulembetsa chipani chatsopano angamuvutitse, mu July 2020 anatenga utsogoleri wa kachipani kolembetsa kale ka Moses Kibalama, katasinthidwa dzina. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi anali pa chisankho. Pa 14 January 2021 anthu anavota intaneti itazimitsidwa dziko lonse, Facebook atayamba kuitseka masiku awiri m'mbuyo. Bungwe loyendetsa zisankho linati Museveni wapeza pafupifupi 58 peresenti, Bobi 35. Iye anakana zotsatirazo. Asilikali anazungulira nyumba yake ku Magere, iye ndi mkazi wake Barbie osatuluka kwa masiku 11, mpaka khothi lalikulu linalamula kuti achoke. Koma pa aphungu NUP inapeza mipando 57 n'kukhala chipani chachikulu chotsutsa, kuposa FDC imene inakhalapo zaka zoposa 15. Nduna zambiri zinagwa m'chigawo chapakati, ngakhale wachiwiri kwa pulezidenti, Edward Ssekandi, anataya mpando wake waupungu.

Abambo a Tadala: Aphunzitsi, mwatchula nokha: chigawo chapakati. Pafupifupi mipando yonse 57 ija inachokera ku Buganda, kwawo kwa iye. Ku Busoga anachitako bwino pa voti ya upulezidenti, koma kumpoto ndi kumadzulo chipani chake chinalibe mizu. Kumpoto kumene kale kunkavotera otsutsa, mu 2021 kunapita kwa Museveni. Dziko simungalitenge ndi Kampala ndi madera ozungulira okha.

China, m'nyumba mwake momwe munalowa njoka. Mathias Mpuuga, amene iye anamusankha kukhala mtsogoleri wa otsutsa m'nyumba ya malamulo, zinadziwika mu 2024 kuti analandira mashilingi 500 miliyoni ngati mphoto yothokoza ntchito. Chipani chobadwa ndi uthenga wothana ndi katangale, wachiwiri kwa mtsogoleri wake n'kulandira zoterozo.

Anaphiri: Koma bambo, onaninso zimene anachita zitadziwika. Sanabise. Ananena poyera kuti ndalamazo n'zosayenera, anamuuza Mpuuga kuti atule pansi udindo wa ukomishonala wa nyumba ya malamulo, ngakhale ankadziwa kuti munthuyo ali ndi anthu ambiri ku Masaka ndipo chipani chigawanika. Atsogoleri angati amene tikuwadziwa angadzudzule mnzawo wapamtima pa nkhani ya ndalama? Ambiri amati tikambirana kuchipinda.

Achisale: Chimene ine chinandikhumudwitsa ndi mlandu wa chisankho. Anakasuma ku khothi la Supreme kumayambiriro kwa February 2021, kenako asanathe mwezi anauchotsa yekha, akuti oweruza akukondera ndipo akana kulandira umboni wina. N'zoona kuti Besigye anasuma mu 2001 ndi 2006, Amama Mbabazi mu 2016, onse osaphula kanthu. Komabe akanapitiriza, umboniwo ukanalembedwa m'mabuku a khothi, mboni zikanalankhula poyera, mibadwo yam'tsogolo ikanawerenga. Pouchotsa anapatsa adani ake mpata wonena kuti analibe umboni.

Ras Chifundo: Umboni ausonkhanitsa bwanji achimwene, munthu atamutsekera m'nyumba, ofesi ya chipani asilikali ataizinga, mamonita ena atagwidwa ndi mafomu a zotsatira ali m'manja? Nthawi imeneyo ndi imene timaminibasi tija amatitcha ma drone tinkanyamula achinyamata m'misewu, ena mpaka lero abale awo sakudziwa kumene ali. Amene anaonera filimu yonena za Bobi ya Moses Bwayo ndi Christopher Sharp, ija inapikisana nawo pa ma Oscar mu 2024, anaona yekha mmene zinthu zinalili m'nyumba muja. Bwayo mwiniwake anawomberedwa kumaso ndi chipolopolo cha labala akujambula, ndipo pano anathawa m'dzikomo.

Mayi a Thoko: Ndipo sizinathe. Besigye anamugwira ku Nairobi mu November 2024, dziko la eni, n'kupezeka ali m'khothi la asilikali ku Kampala, nkhalamba imene inali dokotala wa Museveni m'tchire. Mu 2025 mkulu wa omuteteza Bobi, Eddie Mutwe, anasowa masiku angapo, kenako Muhoozi analemba yekha pa X kuti ali naye m'chipinda chapansi, n'kuika chithunzi chake atamumeta ndevu. Pofika kukhothi ku Masaka munthuyo ankalephera kuyenda yekha. Ine ndikaganiza za Barbie ndi ana awo anayi, sindidziwa kuti amagona bwanji.

Abambo a Tadala: Achemwali Anaphiri, kuti funso lanu lisapite lopanda yankho langa: sindikuti analakwa kuima. Amene anamutsekera siteji ndi boma, ndiye kubwerera ku nyimbo zokha sikukanathekanso. Apo ndagwirizana ndi Achisale. Pamene ndaima ine ndi poti pa chisankho cham'tsogolo kutchuka sikudzamuwonjezera kanthu, aliyense ku Uganda akumudziwa kale. Chimene chidzafunike ndi ntchito yosaoneka pa kamera. Mu 2021 kunali malo oponyera voti oposa 34,000. Pa malo alionse pakufunika monita wodziwa ntchito, wokhala mpaka kuwerenga kuthe, wotenga fomu yosainidwa n'kuifikitsa ngakhale intaneti itazimitsidwa. Ku Wakiso adzawapeza. Ndikufuna ndione ngati adzawapeze ku Karamoja, ku Acholi ndi ku Ankole.

Anaphiri: Pamenepo tagwirizana bambo, ndipo mwafika pamene Mayi a Thoko anayambira. Monita ameneyo ndi mwana wa munthu. Mnyamata wa ku Ankole, kwawo kwa Museveni, amene angavomere kukhala pamalo oponyera voti m'dzina la NUP akudziwa zimene zinachitikira Eddie Mutwe, munthu amene dziko lonse limamudziwa nkhope. Iye alibe kamera yomutsatira, alibe loya, ndipo tsiku lotsatira adzadzuka m'mudzi womwewo. Ndikufunseni monga kholo: akanakhala Tadala wanu, mukanamulola kupita?

Abambo a Tadala: Sindikanamulola, achemwali. Ndipo ndikudziwa kuti makolo ambiri ku Uganda ayankha chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndikuona kuti chisankho cham'tsogolo chidzamuvuta kuposa cha 2021.